Chilembo chimodzi chikhoza kukudyetsani ntchito

Tayerekezani kuti ndinu dalaivala pa kampani ina mu Limbe. Madzulo a Lachisanu foni yalira, uthenga wochokera kwa abwana: "Musabwere mawa." Inu mtima m'malo, mwagona mpaka dzuwa kuswa mtengo. Lolemba mukupeza abwana maso ali psu, akufunsa chomwe munajombera pamene katundu amayenera kupita ku Lilongwe.

Abwanawo amafuna kunena kuti "mudzabwere mawa". Koma monga achitira ambiri masiku ano, adataya 'd' n'kufuna kulemba "muzabwere", ndiye poti pa foni 'z' ndi 's' n'zoyandikana, chala chidaterereka. Chilembo chimodzi chokha, uthenga wonse watembenuka. Wolakwa ndani? Mlandu wotere kawirikawiri umagwera wamng'ono.

Tikamakamba za kulankhula ndi kulemba bwino pantchito, ambiri maganizo amathamangira ku Chingerezi. Sitingawadzudzule. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu. Mafunso olowera ntchito amakhala m'Chingerezi. Ngakhale malamulo a dziko lino amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. N'chifukwa chake m'maofesi muli akatswiri olemba makalata a mawu ataliatali, oti wowerenga amafika pamapeto osadziwa ngati akumuyamikira kapena akumuchenjeza.

Koma tayang'anani komwe ntchito yeniyeni imagwiridwira. Namwino ndi wodwala, wapolisi ndi wodandaula, mlangizi ndi mlimi, kalaliki wa ku banki ndi mayi wodzatenga ngongole: ambiri mwa amenewa amamvana m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'zilankhulo zina za kuno. Chodabwitsa n'chakuti ndi mabwana ochepa amene amayesa wofunsira ntchito ngati angathe kufotokoza nkhani yovuta m'chilankhulo chimene makasitomala ake amamva. Timangoti poti adayamwira, ndiye kuti amachitha.

Kuchipatala ndiye nkhaniyi siyoseketsa. Wopereka mankhwala akangoti "awiri katatu" n'kuitana wina pamzere, gogo wa kumudzi amapita ndi funso mumtima: katatu pa tsiku, kapena masiku atatu? Ndisanadye kapena nditadya? Nawonso odwala athu sakonda kutchula zinthu mwachindunji. Mayi anena kuti "sindinapite kumwezi", bambo anena kuti "kumusi sikuli bwino", wina angoti "m'thupi monsemu". Dotolo amene adaphunzira zonse m'Chingerezi, koma makutu ake sadazolowere mawu ozungulira ngati amenewa, akhoza kulemba mankhwala a nthenda ina. Anamwino ena ali ndi kachizolowezi kabwino kouza wodwala kuti, "Tabwerezani zimene ndanenazi." Zimadya kamphindi, koma cholakwika chimagwidwa munthu asadatuluke pakhomo.

Kukhoti nako n'chimodzimodzi. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wozengedwa m'chilankhulo chimene amamva, apo ayi boma limupezere womasulira. Poti zolembedwa za khoti zimakhala m'Chingerezi, ufulu wa munthu umadutsa pakamwa pa womasulirayo. Munthu akati "ndavomera", akuvomera kuti adapalamula, kapena akungovomera kuti zinthuzo zidachitikadi iye ali pomwepo? Akati "ndidamukhudza", womasulira asankha mawu ati? Kusiyana kwake kukhoza kukhala kubwerera kunyumba kapena kukagona ku Chichiri.

Achikulire akukumbuka kuti kale Chichewa chidali ndi alonda ake. Chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board lomwe linkakonza malamulo a kalembedwe. Pa wailesi ya MBC pankamveka pologalamu ya Tiphunzire Chichewa. Kamuzu Banda, yemwe pamisonkhano ankalankhula m'Chingerezi, sankachita manyazi kudzudzula womasulira wake pagulu akaona kuti mawu apotozedwa. Zina mwa izo zidali ndi nkhanza zake, makamaka kwa eni zilankhulo zina zomwe zidakankhidwira kumbali, ndipo sitikuzilirira. Mu 1996 ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies pansi pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komwe amasamalira zilankhulo zonse za m'dziko muno. Koma ndi maofesi angati amene amapitako kukafunsa asanapachike chikwangwani? Tangowerengani zidziwitso za pamakoma: "kuti" wasanduka "kut", "ndikufuna" wasanduka "ndikufna", ndipo "mbale" wa m'khitchini salekanitsidwa ndi "m'bale" wobadwa naye.

Palinso kanthu kena komwe sikalembedwa m'buku la malamulo a kampani iliyonse, kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu". Kalaliki wazaka 25 akauza bambo wa imvi kuti "dikira panja", Chichewa chake n'cholondola ndithu, palibe mphunzitsi angachichonge molakwa. Koma bamboyo akatuluka pamenepo sabweranso, ndipo akafika kumudzi adzauza anzake onse za ofesi ya ana opanda mwambo.