Kuyezetsa ADHD munthu utakula

Alipo akuluakulu amene amayamba ntchito zambiri osamaliza, amaiwala misonkhano, amasokoneza makiyi ndi foni tsiku lililonse, ndiponso amadula mnzawo pakamwa asanathe kulankhula. Kunyumba amati ndi aulesi, kuntchito amati ndi osasamala. Ena mwa iwo ali ndi vuto la kagwiridwe ntchito ka ubongo lotchedwa ADHD, lomwe limayamba paubwana ndipo kwa ambiri silitha akakula. Kuthamangathamanga kumachepa, koma mtima sukhazikika.

Vutoli silioneka m'magazi kapena pa makina ojambula mutu. Dokotala amalizindikira pomva mbiri ya moyo wanu. Buku la madokotala a matenda a maganizo lotchedwa DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limati munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo akhale ndi zizindikiro zosachepera 5 za kusatchera khutu, kapena 5 za kusakhazikika ndi kuchita zinthu mopupuluma, kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Zizioneka m'malo awiri kapena oposa, monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zina zikhale kuti zinayamba munthuyo asanakwanitse zaka 12.

Apa ndiye pali nkhani. Ndani angafotokoze bwino mmene ankachitira ali Sitandade 3? N'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi amayi, azakhali kapena mkulu wanu amene anakuonani mukukula. Malipoti akale a kusukulu, ngati alipo, atengeni. Mawu a aphunzitsi akuti mwanayu ndi wanzeru koma samvetsera ndi umboni wolemera. Tsoka lake, ambiri amene anali ana ofatsa, makamaka atsikana, sanaonekere chifukwa sankasokoneza kalasi.

Yambirani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo funsani za ogwira ntchito yoona za matenda a maganizo. Akaona kuti m'pofunika, angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Mwina adzakupatsani mafunso a ASRS, omwe anakonzedwa mogwirizana ndi bungwe la WHO. Mafunsowa amangolozera, sagamula.

Musakhumudwe akakufunsani za tulo, mowa, chamba, nkhawa kapena kukhumudwa. Zonsezi zimatha kubweretsa zizindikiro zofanana, n'chimodzimodzinso matenda a chithokomiro. Yankhani moona, poti mankhwala a ADHD ngati methylphenidate amakweza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo amaperekedwa ndi chilolezo cha dokotala yekha, atakuyezani kaye.