Kangolo ka Gofu ndi Amisiri a ku Chileka

Nkhondo yachiŵiri itangotha, Bruce Williamson wa ku Portland, m'dziko la America, anapanga kangolo kokokera chikwama cha ndodo za gofu pa magudumu a makina otchetchera kapinga, ndipo mu 1946 kampani ya Bag Boy inabadwa. Luso lake lagona apa: katundu akhale pamwamba penipeni pa magudumu, kuti dzanja lingowongolera, osasenza. Gudumu lalikulu nalonso limakwera mwala mosavuta.

Gofu ngwa ku Blantyre Sports Club, koma nzeruyi njofunika koposa ku Chileka. Wilibala ya pa msika wa Lirangwe gudumu lake lili kutsogolo, kotero thumba la chimanga limatsamira m'mikono ndi m'chiuno mwa wokankha. Mnyamata wowotcherera zitsulo ataika magudumu aŵiri a njinga kunsi kwa katunduyo, thumba lomwelo angalikoke ngakhale mwana wa sukulu.