Kachibowo ka mu mtima: makina amakaona, madokotala amakatseka osang'amba chifuwa

NGAUMA — Mnyamata wamphamvu zake akagwa mwadzidzidzi, mkono ndi mwendo nkufa mbali imodzi, pakamwa nkupotoka, kumudzi timathamangira kulozana zala. Ena amati walodzedwa, ena amati waponda mankhwala. Nthendayi kuchipatala amati trombose kapena AVC, ndipo anzathu a ku Chiponde ndi Mangochi amati sitiroko. Kawirikawiri imabwera ndi kuthamanga kwa magazi. Koma kwa ena amene sanakalambe, gwero lake limakhala kachibowo kakang'ono mkati mwa mtima.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Mwana akakhala m'mimba sapuma ndi mapapo ake, choncho pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba pamakhala kakhomo kodutsira magazi. Akabadwa nkuyamba kupuma, kakhomoko kamatsekeka kokha. Koma mwa anthu anayi aliwonse, pafupifupi mmodzi amakula kakhomoko kasanamatike. Madokotala amakatcha foramen ovale.

Musachite mantha, abale. Ambiri amalima, kubereka ndi kukalamba nako popanda vuto, ndipo safunika mankhwala. Tsoka limagwa pamene kambulu ka magazi oundana, kamene kakanakodwa m'mapapo, kadutsira pa kakhomoko nkukatseka mtsempha wa mu ubongo.

Kodi amakaona bwanji? Amayi oyembekezera amawadziwa makina a ekografiya amene amaonetsa mwana m'mimba. Makina amtundu womwewo amaunikanso mtima. Dokotala amabaya pamkono madzi amchere okhutchumula, okhala ndi tithovu ting'onoting'ono. Tithovuto tikaoneka pa kanema tikuwoloka kuchoka kumanja kwa mtima kupita kumanzere, ndiye kuti khomo ndi lotseguka. Nthawi zina amalowetsa kachipangizo kummero kuti aone mtima chapafupi.

Kutseka kwake sikufuna mpeni pachifuwa. Amalowetsa kapaipi kowonda, kotchedwa kateta, mu mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, nkukakankha pang'onopang'ono mpaka kufika mu mtima. Kunsonga kwake kumakhala kachitsulo kofewa konga maambulera awiri. Imodzi imatambasuka mbali iyi ya khoma, inzake mbali inayo, kachibowo nkupanikizika pakati. Wodwala amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo pakapita miyezi mnofu umamera pamwamba pake. Mu 2017 kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya ndi ku America anasonyeza kuti kwa odwala osapitirira zaka 60, amene trombose yawo sinapezeke chifukwa china, kutseka kachibowoka kumachepetsa ngozi yogwanso.

Vuto lathu ndi mtunda. Ntchito yotere imafuna chipatala chachikulu cha mtima, osati cha pamudzi. Mu Mozambique muno chodziwika ndi Instituto do Coração ku Maputo, chimene chinatsegulidwa mu 2001, ndipo kuchokera ku Niassa ndi ulendo wa makilomita oposa 2,000 pamsewu. Munthu wa ku Massangulo kapena Mandimba amayambira pa chipatala chapafupi. Kalata ya anamwino ndi imene imamutsegulira njira ya ku Lichinga kapena Cuamba, kenako Nampula ndi Maputo. Amene wayambira kwa sing'anga amataya masiku amene sabwerera.

Makina ounikira mtimawa aonetsanso nthenda ina imene imavuta ana athu kuposa kachibowo. Mu 2007 madokotala, pakati pawo Dr. Ana Olga Mocumbi, anafalitsa zimene anapeza atayeza ana asukulu oposa 2,000 ku Maputo. Pomvetsera pachifuwa anapeza ana awiri okha pa 1,000 aliwonse ali ndi mtima woonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachiritsidwa. Pounika ndi ekografiya anapeza ana 30 pa 1,000. Zilonda zoterezi zimachira ndi penisilini, mankhwala osavuta kuwapeza.

Tsono makolo, mafumu ndi atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi, gwirani mfundo izi. Munthu akapotoka pakamwa, akalephera kukweza mkono kapena lilime likalemera, apite kuchipatala nthawi yomweyo, angakhale ndi wachinyamata. Mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, kapena akamapuma mobanika posewera, akayezedwe. Ndipo mukafika, funsani anamwino ngati mtima ukufunika kuunikidwa.