Mbuzi ikayamba kutsokomola, ipatuleni tsiku lomwelo

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kuzizira kukafika ku Maniamba, m'boma la Lago, mbuzi zambiri zimayamba kutsokomola, kutuluka mamina ndi kupuma movutikira. Nthawi zambiri chimakhala chibayo. Chimakonda timbuzi tating'ono ndi ziweto zogona m'khola lachinyezi, lothithikana, lomwe fungo la mikodzo limatsamwitsa ngakhale munthu. Chibayo chotere chimachizika ndi jakisoni ngati mlangizi wa ziweto waitanidwa msanga.

Koma si chifuwa chilichonse chili chibayo wamba. Boma la Lago lachita malire ndi Tanzania, dziko limene mu 2008 linatsimikiza kuti kuli mliri wa mbuzi ndi nkhosa wotchedwa PPR. Nawonso umayamba ndi kutentha thupi ndi mamina, kenako maso amachita manthongo, m'kamwa mumatuluka zilonda ndipo chiweto chimatsegula m'mimba monunkha. Anthu sautenga, koma ulibe mankhwala ochiza. Choteteza ndi katemera basi. Ukalowa m'khola losatemera ungathe kupha ziweto zambiri m'masiku ochepa.

N'chifukwa chake mbuzi yogula kutali, ngakhale ikuoneka yonenepa, iyenera kukhala payokha masiku 21 isanasakanizidwe ndi zinzake. Yodwala isamwe pamodzi ndi zina, ndipo kuithamangitsira kumsika n'kungofalitsa matenda. Mlimi akaona zilonda m'kamwa pamodzi ndi kutsegula m'mimba, adziwitse mlangizi kapena ofesi ya SDAE ku Metangula asanaphe chiwetocho.