Kupala manifold ya galimoto ya geni: kodi ndalama yake imabwerera?

Wamalonda amene amapikula kabichi ndi mbatata ya kachewere ku Lizulu n'kupita nazo ku Lilongwe amadziwa mmene Probox yodzaza matumba imafookera pa mtunda. Ndiye akaona pa YouTube kapena pa Facebook anthu akupala mkati mwa intake manifold, ntchito yomwe amaitcha porting, n'kumati galimoto yawonjezera mphamvu, naye amakopeka. Koma kwa galimoto yonyamula katundu wa malonda, ndalama yolowa pa ntchitoyi kawirikawiri sibwerera.

Manifold ndi chipangizo cha mapaipi chomwe chimagawa mpweya kupita ku silinda iliyonse ya injini. Popala, makaniko amachimasula, n'kusalaza timabampu totsalira pomwe chinkaumbidwa ku fakitale, komanso kulinganiza makomo ake ndi a cylinder head kuti mpweya uzidutsa mosapunthwa. Mpweya wambiri ukalowa, injini imatha kuwotcha mafuta ambiri ndipo mphamvu imakwera. Choncho amene akuyembekeza kuti galimoto isiya kumwa mafuta akapala manifold, wayamba kale kuwerengera molakwika.

Vuto lalikulu ndi lakuti phindu la kupala limaoneka injini ikamazungulira mothamanga kwambiri. Injini ya Toyota ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri, imatulutsa mphamvu yake yonse pa 6,000 rpm. Dalaivala wosamala mafuta sakafikako kumeneko; tsiku lonse singano imasewera pakati pa 2,000 ndi 3,000. Pamenepa chodzaza silinda ndi liwiro la mpweya, osati kukula kwa njira yake. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi paipi amadziwa kuti ukafinya kukamwa kwake madzi amathamanga, ukatsegula amangoyenderera. Makaniko akapyola muyeso popala, mpweya umayenda mwaulesi, ndipo galimoto imataya mphamvu yokokera ponyamuka ndi pokwera. Munthu amalipira kuti akwere bwino msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, koma n'kupezeka akutsitsa giya msanga kuposa kale. Ndipo chomwe chapalidwa sichibwezeredwa. Pamafunika kukasaka manifold ina kwa ogulitsa masipeya.

Komanso manifold ya 1NZ-FE ndi ya pulasitiki, yosalala kale mkati. Palibe chenicheni choti n'kupala.

Amene amapinduladi ndi eni galimoto za mpikisano, omwe amasinthiratu camshaft ndi ekizozi, kupala cylinder head yomwe, kenako n'kukonzanso kompyuta ya injini kuti zonse zigwirizane. Manifold yokha, pa injini yomwe ili mmene inachokera ku Japan, imasintha zochepa moti dalaivala sangazimve n'komwe.

Powerengera mtengo, wamalonda asaone ndalama ya makaniko yokha. Pali gasiketi yatsopano, pali masiku amene galimoto ikhale ku galaja anzake akupikula, mwinanso kulipira galimoto ya hayala kuti makasitomala asathawe. Choopsa china ndi tizidutswa totsalira mkati ngati chipangizocho sichinatsukidwe bwino. Timakokedwera mu silinda n'kukanda makoma ake, mapeto ake injini imayamba kumwa oyilo.

Ntchito yomwe imalipira ndi ina, ngakhale anthu amaisokoneza ndi kupala: kutsuka. Pa injini za dizilo monga 2KD ya Toyota Hiace, valavu ya EGR imabwezera utsi wina mu manifold. Mwaye wa utsiwo umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kupanga phala lakuda lomwe limachepetsa njira ya mpweya. Minibasi imalemera pokoka, imafuka utsi wakuda, imamwa dizilo. Kumasula manifold n'kuchotsa phalalo kumabweza mphamvu yomwe inatayika, popanda kudula chitsulo.

Pa galimoto za petulo zofooka, makaniko wabwino amayamba wayang'ana sefa ya mpweya, yomwe imatsekeka msanga ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, kenako mapulagi, throttle body, sensa ya mpweya, ndi gasiketi ngati ikulowetsa mpweya m'mbali. Akapeza zonsezi zili bwino, afunse mwini galimoto kuti amakweza matumba angati, chifukwa Probox ya malita 1.5 inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 400 okha mukakhala anthu awiri.