Kuseri kwa damu la bwana: ntchito imene ikudikira anyamata a kwa Kanduku ku Joni

Munthu wa kwa Kanduku sachita kufunsa njira ya ku Joni. Mabasi ochokera ku Blantyre amadutsa mumsewu wa M6, kuima pachipata cha Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Mnyamata amene wakula akugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu umenewu amaidziwa njirayi pamtima asanakwere n'komwe. Chimene sachidziwa ndi ntchito imene ikumudikira.

Amalawi ambiri akafika ku Johannesburg, Pretoria kapena Cape Town amayambira m'gadeni, ndipo nyumba zambiri zolemba munthu wa m'gadeni kumeneko zili ndi damu losambira. Kutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa sizivuta mwana wa mlimi. Koma tsiku loyamba lomwelo bwana amakulozeranso kanyumba kali pambali pa damulo. Mkati muli pampu, sefa yodzaza mchenga, bokosi la magetsi, ndi zigubu za mankhwala. Maphunziro ake amatha m'mphindi zochepa, m'Chingerezi chothamanga, mlendo n'kumangogwedeza mutu poopa kuoneka mbuli. Ngozi zambiri zimayambira pa kugwedeza mutu kumeneku.

Pampu imakoka madzi m'damu, kuwakankhira mu sefa, n'kuwabweza ali oyera. Ku South Africa madzi ambiri amalowera pa kabowo ka m'khoma kotchedwa weir, pamene amalumikizanso payipi ya Kreepy Krauly, kamakina koyenda kokha pansi pa damu kamene Ferdinand Chauvier anapanga ku Springs mu 1974. Madamu akale ndi mabafa a jacuzzi amakhalanso ndi bowo lina pansi kapena m'mbali. Madzi akamayenda bwino, kukokako sikuoneka. Bowolo likangotsekeka ndi mkono, mimba kapena msana, mphamvu yonse ya pampu imathera pathupi la munthuyo.

Mu June 2002, ku Virginia m'dziko la America, mtsikana wa zaka 7 dzina lake Virginia Graeme Baker anakakamira pabowo la pansi pa jacuzzi. Anali wodziwa kusambira. Mayi ake analephera kumuzula, ndipo amuna awiri atamukoka, chivundikiro cha bowolo chinathyoka, koma mwanayo anali atatsamwa kale. Malipoti ankati mphamvu imene inamugwira inaposa makilogalamu 300, ngati matumba asanu ndi limodzi a chimanga atamusanjikira pamsana. Agogo ake anali James Baker, nduna yakale yoona za ubale ndi maiko ena, ndipo banjali linalimbikira mpaka mu December 2007 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina la mwanayo, lokakamiza madamu osambira anthu ambiri kuika zivundikiro zimene thupi silingatseke. Kwa wa m'gadeni phunziro lake n'lachidule. Osalowetsa dzanja mu weir kuchotsa masamba pampu ikulira. Chivundikiro chikasweka kapena kuguluka, ana asalowe m'madzi mpaka chikonzedwe, ngakhale mayi a nyumbayo akwiye. Wa tsitsi lalitali kapena mesh asamize mutu mu jacuzzi. Ndipo wina akakakamira, choyamba ndi kuthamangira ku swichi, osati kukokana naye. Ngati swichi ili kutali, lowetsani zala pakati pa thupi ndi bowolo kuti mpata upezeke, n'kumugubuduzira chammbali.

Zamagetsi ndiye zimafuna kukhalapo pang'ono. Kuno ndi ku Joni magetsi a m'nyumba ndi ofanana, mavoti 230, ndipo munthu wonyowa amene waponda pansi ponyowa opanda nsapato ndiye njira yofewa imene magetsiwo amafuna. N'chifukwa chake m'bokosi mumakhala swichi ya earth leakage, imene imagwa yokha magetsi akangothawira kolakwika ndi mamiliampu 30. Swichiyi ikamagwagwa, anthu amaitenga ngati yovuta, ena mpaka kupeza wowalumikizira mawaya molambalala. Kumeneko n'kupha mlonda chifukwa wakuwa usiku. Ikagwa kawiri katatu, ikunena kuti madzi alowa mu mota kapena nthambo yasupuka penapake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi wa mapepala, osati ya m'gadeni. Ili ndi kabatani koyesera, ndipo kukadina mwa apo ndi apo sikudya ndalama.

Pali misampha ina iwiri imene imagwira ngakhale akale pantchito. Pampu zambiri zili ndi wotchi yoziyatsa ndi kuzimitsa pa nthawi yake, choncho pampu imene ili chete siinafe, ikungodikira ola lake. Wachiwiri timaudziwa tonse, a ESCOM kuno ndi a Eskom uko: magetsi azima, munthu n'kuti mpata ndi uno woti nditsegule pampu, magetsi n'kubwera zala zili mkati. Zimitsani pa bokosi penipeni musanagwire kanthu. Pamwamba pa mota palinso kachitini kotchedwa capacitor kamene kamatha kusunga nyesi ngakhale mutazimitsa, choncho kasiyeni.

Sefa nayo ili ndi zake. Mpweya ukatsekeredwa mkati, chivundikiro chimatha kuphulika, ndiye poyatsa pampu musaweramire pamwamba pake. Chogwirira cha valavu sachitembenuza pampu ikuyenda. Pampu ikalira nthawi yaitali madzi asakuyenda, otsalira mkatiwo amatentha moti n'kuwaula munthu amene watsegula mofulumira.

Mankhwala a klorini a HTH si achilendo kwathu. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 alangizi a zaumoyo ankasungunula omwewa n'kumagawira anthu kuti athire m'madzi akumwa. Koma pa damu amayendera limodzi ndi asidi, ndipo ziwirizi zikakumana m'chidebe chimodzi zimatulutsa mpweya wa klorini umene umaotcha maso ndi mapapo, makamaka m'kanyumba kopanda mawindo. Chilichonse chikhale ndi chidebe chake ndi nthawi yake. Mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala. HTH asayandikane ndi petulo kapena oilo wa makina otchetchera kapinga, chifukwa amabutsa moto, komatu m'nyumba zambiri zonsezi amazisunga pashelefu imodzi.

Ndiye pali damu lenilenilo. Ambiri amene amalisesa tsiku ndi tsiku satha kusambira, ndipo sanena. Pa 31 March 2012, mayi Maria Mahlangu, amene anagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Pretoria kwa zaka 22, anagwera m'damu la mabwana awo n'kumira. Sankatha kusambira. Mwana wa mayiwo, Sylvia Mahlangu, atapita kukafunsa chipepeso anauzidwa kuti lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito, COIDA, silikhudza antchito a m'nyumba. Sanagonje. Nkhani inafika ku Constitutional Court, ndipo pa 19 November 2020 khotilo linagamula kuti kuwasiya kunja antchito amenewa n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Chigamulocho chinabwerera m'mbuyo mpaka 27 April 1994. Lero bwana amayenera kulembetsa wantchito wake ku Compensation Fund, ndipo wa m'gadeni ya panyumba amawerengedwa m'gulu lomweli. Zoona, amene mapepala ake sali bwino amaopa kufunsa chilichonse, ndipo mabwana ena amadyerera mantha amenewo. Komabe kufunsa kuti swichi yaikulu ili pati sikufuna pasipoti.

Asaganize otsala kumudzi kuti nkhaniyi ndi ya apaulendo okha. Malo ogona alendo okhala ndi madamu osambira akuchuluka ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kunyanja, ndipo amene amalowa m'kanyumba ka pampu ndi anyamata omwewa. M'madimba namonso pampu za dizilo, za magetsi ndi za sola zikulowa m'malo mwa khasu ndi keni. Nthambo yolumikizidwa ndi jumbo itagona m'matope, lamba wa injini wopanda chotchinga pamene mayi wavala chitenje, ana akusewera pamene payipi ikuyamwa madzi mumtsinje, zonsezi ndi msampha womwewo, kungosiyana malo.

Achibale amene muli kale ku Joni, mukamalandira mng'ono wanu pa Park Station, musamangomupezera ganyu ndi pogona. Pitani naye ku kanyumba ka pampu, mumuonetse pozimitsira, mumuuze zimene sasakaniza, ndipo mumufunse mosabisa ngati amatha kusambira. Ngati satha, bwana adziwe tsiku loyamba lomwelo.