Dzenje la Mumsewu, Chotupa cha Tayala ndi Inshuwalansi

Mvula ikayamba, madzi amalowa m'ming'alu ya phula, dothi lapansi limafewa, malole olemera n'kumapondapo mpaka phula kubooka. Pofika mu Febuluwale, kadzenje kamene kanali ngati mbale pa msewu wa M1 kamakhala katasanduka beseni, ndipo madzi akadzazamo simungadziwe kuya kwake. M'nkhani ino tiona zinthu zitatu: zimene zimawonongeka tayala likamenya dzenje, zoyenera kuchita pamalopo, ndi kapemphedwe ka ndalama ku inshuwalansi. Koma ndiyambe ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Anthu ambiri amayesa tayala ndi mphira basi. Tayala ndi nsalu yovekedwa mphira. Mkati mwake muli ulusi wolimba wochuluka, woyalidwa kuchokera mkombero wina kukafika wina, ndipo kunsi kopondera kuli malamba a waya. Ulusiwo ndi umene umapirira mphamvu ya mpweya wonyamula galimoto. Tayala likamenya mphepete mwa dzenje, khoma lake lam'mbali limapanidwa pakati pa phula lakuthwa ndi rimu, monga chala chimapanidwira ndi chitseko. Ulusi umaduka mkati, mphira wakunja osang'ambika. M'mawa mwake mumangoona chotupa ngati dzira.

Chotupacho ndi mpweya umene wapeza pofooka. Taganizirani thumba la chimanga limene ulusi wake watha malo amodzi: chimanga chonse chimakankhira pomwepo, ndipo tsiku lolikweza pa ngolo ndilo limang'ambika. Dengu nalonso, nsungwi ziwiri zikathyoka kunsi, ngakhale mumatepo ndowe, silinyamulanso mbatata. Ndaonapo omata matayala m'mbali mwa msewu akuika chigamba mkati mwa chotupa, n'kumuuza mwini galimoto kuti, "Liyenda ili, bwana." Chigamba chimatseka bowo la msomali kunsi kopondera, sichilumikiza ulusi woduka. Khoma la tayala limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse tayala likazungulira, ndipo la galimoto yaing'ono limazungulira pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300. Ndiye kuti bala lija lipindidwa koposa ka 150,000, tayala litatentha, anthu ali m'galimoto. Ena amati alisamutsire kumbuyo, poti kutsogolo ndiko koopsa. Tayala lakumbuyo likaphulika pa liwiro, galimoto imapotoka chakumbuyo ndipo chiwongolero sichithandiza kwenikweni. Tayala lotupa malo ake ndi kunja kwa galimoto.

Manambala olembedwa pakhoma la tayala amakuuzani kuti muli ndi chitetezo chochuluka bwanji. Pa 195/65 R15, nambala 65 ikutanthauza kuti khoma ndi lalitali magawo 65 pa 100 a mulifupi wa tayala, pafupifupi mamilimita 127. Pa 225/40 R18 khoma ndi mamilimita 90 okha. Achinyamata amakonda marimu akuluakulu ndi matayala opyapyala chifukwa amaoneka bwino, koma apa achotsa khushoni pakati pa dzenje ndi chitsulo. Mpweya wochepa umachitanso chimodzimodzi: tayala lofewa limapanika msanga. Mulingo woyenera unalembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo muyeze matayala asanatenthe. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Mukamagula matayala a kaunjika, pisani dzanja mkati mufufuze zigamba, muonenso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019.

Cholakwika china ndi kuponda buleki tayala lili kale m'dzenje. Buleki imagwetsera kulemera kwa galimoto kutsogolo, masipuling'i amafinyika, ndipo tayala limamenya mphepete lilibe pothawira. Chepetsani liwiro musanafike, kenako siyani buleki tayala lidutse likugudubuzika. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya galimoto yoyenda imawirikiza kanayi, choncho 80 ndi 40 n'zosiyana kutali.

Rimu yachitsulo imapindika ndipo kawirikawiri imawongoleka. Ya aloyi imachita mng'alu, nthawi zambiri mbali yamkati imene simuiona, ndipo mpweya umatha pang'onopang'ono. Chiwongolero chikamanjenjemera kapena galimoto ikamakokera mbali imodzi, pitani akaone balansi, alayimenti, mashoko ndi ma ball joint.

Tsopano inshuwalansi. Lamulo la pamsewu ku Malawi limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Imeneyi imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Galimoto yanu siikhudza ngakhale pang'ono. Ndimamva chisoni munthu akamaloza chomata cha pagalasi n'kunena kuti, "Ine ndili ndi inshuwalansi," rimu itasweka. Yokonza galimoto yanu ndi ya comprehensive, koma nayonso werengani pepala la mgwirizano. Mapepala ambiri amanena kuti salipira tayala lobooka, lochekeka kapena lophulika palokha, pokhapokha ngati pangozi yomweyo pawonongekanso zina za galimoto. N'chifukwa chake si bwino kuthamangira kunena kuti laphulika tayala basi makaniko asanayang'ane kunsi. Ngati rimu yasweka ndipo shoko yapindika, zonsezo zilembedwe. Musawonjezerepo zimene zinawonongeka kale; wodzayesa wotumidwa ndi kampani amasiyanitsa bala latsopano ndi ladzimbiri, ndipo bodza limodzi lingagwetse pempho lonse.

Palinso excess, gawo limene mumalipira nokha pa pempho lililonse. Tiyerekeze kuti kukonza ndi K400,000 ndipo excess yanu ndi K250,000. Kampani ipereka K150,000 yokha, mwinanso yocheperapo ikachotsera kutha kwa tayala lakale, ndipo chaka chamawa mungataye kuchotsera kumene amapatsa anthu osapempha kanthu. Werengerani musanadzaze fomu.

Mukamenya dzenje, imani poteteza, ikani ma triangle, jambulani dzenje, tayala, rimu ndi chizindikiro chosonyeza malowo. Ikani botolo kapena nsapato pambali pa dzenje kuti kukula kwake kuoneke pachithunzi. Imbirani kampani kapena broker wanu tsiku lomwelo, chifukwa mgwirizano umaika malire a masiku, ndipo funsani ngati afuna lipoti la apolisi ndi makoteshoni angati. Akakukanizani popanda chifukwa chomveka, apempheni alembe kalata, ndipo dandaulo mungapite nalo ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi.

Chimene chimagwetsa mapempho ambiri abwinobwino ndi changu. Munthu amagula tayala lina, lakale n'kumusiyira womata matayala, rimu n'kupita kowotcherera, ndiye n'kumakadzaza fomu sabata yotsatira. Wodzayesa akafika sapeza choyesa. Ikani sipeya, tayala lowonongeka ndi rimu yake muponye m'buti, ndipo makaniko asagwire sipanala mpaka kampani itaona ndi kuvomereza polemba.